A Kamphinda ndi Mtengo wa Khosi Limodzi

Dowa yense, mpaka kutsidya ku Ntchisi, palibe amene sadamveko za malemu a Kamphinda, mkulu uja ankalipiritsa anthu powerenga makosi. Kwina konse munthu ukafuna kujambula nyimbo amakuuza mtengo wa pa ola, koma ku situdiyo ya pakoleji ya aphunzitsi, paphiri paja mukapitirira Chezi, mtengo udali umodzi basi: khosi lililonse limene a Kamphinda alimva likuyimba, K1,000. Osati mutu umene auona, ayi, khosi limene alimva. Ndipo m'dziko lonse lino ndi malo okhawo amene anthu ankachita kulira akawatsitsira mtengo.

Situdiyoyo kadali kachipinda kopanda zenera kuseri kwa laibulale, makoma ake omatidwa matileyi a mazira ndi mabulangete akale a kuhositelo. Zipangizo adasiya ndi wansembe wina wakunja amene ankafuna kuti ophunzira azijambula maphunziro a pa wailesi. Wansembeyo atabwerera kwawo, makiyi adatsala kwa a Kamphinda, amene kwenikweni adalembedwa ntchito yokonza magetsi. Munthu wake adali wamtali, woonda ngati phesi la chimanga, jekete osavula ngakhale mu Okutobala. Ukalowa m'chipindamo n'kutseka chitseko munkangoti zii, mpaka kumva mtima wako ukugunda, ndipo anthu ankayamba kunong'ona popanda wowauza.

Amene adaona nazo zakuda ndi Margareta, mayi a Ulemu, mlembi wa mu ofesi ya akulu a koleji. Teremu iliyonse abwanawo ankamutuma kuti atayipe chikalata cha mitengo ya pa ola, achidinde, akachimate pachitseko cha situdiyo. Ndipo teremu iliyonse pofika masana ankapeza a Kamphinda atakulungiramo mtedza wokazinga, n'kumupatsako iye mwini wake wolembayo. Akawadandaulira, ankamufunsa ngati adamvapo ola likuyimba. Nanga chinthu chosayimba achilipiritse bwanji? Margareta ankabwerera ku ofesi akutukwana chamumtima, uku akutafuna mtedzawo.

Kajambulidwe kawo kadali kotere. Kwaya inkalowa n'kuima, iwo n'kukhala kuseri kwa galasi, kuvala mahedifoni, kuyatsa babu lofiira la pamwamba pa chitseko, kenako n'kutsinzina. Chala chokha ndicho chinkagogoda patebulo. Nyimbo ikatha ankatsegula maso n'kutchula nambala, m'Chichewa chenicheni chosasakaniza, ndipo ikatchulidwa panalibenso zonenerera.

Kwaya ina ya ku Nachisaka idabwera pa lole, anthu makumi anayi, mayunifolomu ochita kuwala. Itatha nyimbo yoyamba a Kamphinda adati makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Msungichuma wa kwayayo adamwetulira poganiza kuti alemera. Sadadziwe kuti mkuluyo adzuka, atuluka kuseri kwa galasi, n'kuyamba kuloza mmodzimmodzi onse amene ankangoyasama, uku akuseka mpaka misozi. Woyamba kulozedwa adali mkazi wa kwayamasitala, mayi amene adaima kutsogolo zaka zisanu ndi zinayi akugwedeza mutu mwaluso. Akuti pobwerera pa lole paja sipadamveke nyimbo ngakhale imodzi.

Khanda lina lidalira kumsana kwa amake pakati pa nyimbo, a Kamphinda n'kuliwerengera, ati lalowa bwino kuposa matenala onse. Mlaliki wina wa ku Mponela, amene ankalalikira ndi mawu aakulu n'kumadzivomera yekha ndi timawu tating'ono, adamulipiritsa makosi awiri. Mlalikiyo adakwiya, n'kuyamba kuwapempherera pomwepo kuti mzimu wa dyera uwachoke. A Kamphinda adadikira mpaka amen, kenako adamuuza mwaulemu kuti pempherolo latuluka ndi mawu achitatu, ndipo babu lidali lisanazime.

Mpaka pamenepo zidali zoseketsa. Zidasintha chaka chimene idabwera kwaya ya amayi a ku Chezi, anthu makumi awiri, pakati pawo pali a Elizabeti, mayi wa alito amene akayimba kudimba ankamveka tsidya lina la mtsinje. Nyimbo itatha a Kamphinda adavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kuti khumi ndi asanu ndi anayi. Amayiwo adayamba kugwedezana, kudikira kuti aone woyasamayo ndani. Koma mkuluyo sadadzuke, sadaseke, sadaloze munthu. Atawakakamiza kwambiri adangonena kuti sadamve a Elizabeti. Adaibwereza nyimboyo pa sipika, aliyense n'kuwamva a Elizabeti akuphimba anzawo onse monga mwa masiku onse, ndipo amayiwo adatuluka akuseka kuti makutu a mkuluyu ayamba kukalamba. Patangotha masabata awiri, kwaya yomweyo idakayimba pamanda a Elizabeti.

Anthu adati zangochitika. Kenako padadzakhala mnyamata wina wa tenala, wojintcha, wosadwaladwala, amene sadawerengedwe Loweruka n'kufa atagwa pa njinga yamoto Lachitatu. Kenako katekisiti wina wa ku Ntchisi. Apo ndiye anthu adakumbuka kuti wamisala adaona nkhondo. A Kamphinda adaleka kutchula maina, koma nambala ankaitchulabe, chifukwa kunama pa nambala sankatha.

Kuyambira pamenepo mukanaona zodabwitsa. Amayi omwe aja amatha theka la tsiku pamsika wa Mponela akunenerera mulu wa tomato ndi amene ankawathamangira a Kamphinda ndi ndalama m'manja, kuchonderera kuti akweze mtengo. Ena ankaponya ndalamazo pansi pa chitseko n'kuthawa, koma Lolemba ankazipeza zitabwezedwa kwa abambo mfumu mu envulopu. Makwaya ankalowa aliyense akukuwa ngati waona njoka, kuopa kusamveka, moti nyimbo za zaka zimenezo mukazimva lero mungayese anthu akukangana. Koma kusiya kupitako sankasiya. Munthu ndi munthu, chimene akuchiopa ndi chimene amafuna achidziwe.

Margareta zonsezi ankazitcha nkhambakamwa za anthu osawerenga, mpaka mwezi wa Juni chaka chatha pamene kwaya ya kuparishi kwawo idakonza zojambula nyimbo za chikondwerero. Iye ankayimba alito, mwamuna wake Andireya ankayimba besi. Andireya adayamba kutsokomola nthawi yosankha fodya m'chigafa, chifuwacho osatha, ndipo lamba adali atabooledwa kale mabowo awiri atsopano. Margareta adamuuza kuti atsale kunyumba apume. Iye adakana, ati mabesi alipo atatu okha, akatsala nyimbo iima ndi mwendo umodzi.

Tsikulo phiri lonse lidakutidwa ndi chifunga mpaka masana. Adalowa anthu makumi awiri ndi atatu, Margareta adawawerenga yekha pakhomo, kawiri. Nyimbo itafika pakati, chala cha a Kamphinda chidaleka kugogoda. Adaimitsa kwaya n'kupempha kuti mabesi okha abwereze. Adabwereza. Adapempha kachiwiri, adabwerezanso, Andireya misempha ya m'khosi ili njo. Kenako mkuluyo adavula mahedifoni pang'onopang'ono, maso ali patebulo.

"Makumi awiri ndi awiri."

Mabesi ena awiriwo adali anyamata onenepa ngati maungu, ndipo aliyense m'chipindamo adayesetsa kuti asayang'ane Andireya. Mwini wakeyo adangoseka, n'kuti akulu awa apulumutsa kwaya K1,000 ya sopo. Margareta adatuluka osaseka naye.

Mawa lake nthawi ya nkhomaliro adatseka ofesi, n'kulunjika kuseri kwa laibulale. Adawapeza a Kamphinda ali okha, mahedifoni m'khosi, nkhope ngati sadagone. Adatulutsa K1,000 n'kuiyika patebulo, ati ndi ya khosi limene adaiwala dzulo. Mkuluyo adati sadaiwale, ndipo kuyambira m'mawa waimvetsera nyimboyo kasanu ndi kawiri. Adamuveka mahedifoniwo kuti amve yekha. Margareta adamumva Andireya bwinobwino, mawu ake okhuthala aja, ngakhale kachifuwa kamene adakabisa kumapeto kwa ndime.

"Mukuwamva, mayi a Ulemu?"

"Ndikuwamva ndithu. Si awa?"

"Ine pamenepo ndikumva dzenje."

Margareta adagwada. Mayi wa mu ofesi ya abwana, amene zaka zonsezi ankawayitana a Kamphinda ndi kakalata, adagwada pasimenti. Adawauza kuti Ulemu akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chomwecho, kuti nyumba ndi ya lendi, kuti iye sadakonzeke kuvala zakuda. Adati sakuwapempha kuti amve, akungowapempha kuti alandire ndalamayo. A Kamphinda adayankha kuti chiyambireni ntchitoyi sadalandirepo ndalama ya khosi limene sadalimve.

"Nambala ikatuluka sibwerera, mayi. Ndikawonjeza apa, pachoka pena."

Tinene zoona, poti mwini wake amazinenanso akakhala ndi anthu amene amawakhulupirira: Margareta mawu amenewo adawamva, ndipo adawamvetsa. Sadafunse kuti penapo ndi pati. Adangokankha ndalama ija ndi chala mpaka idagunda dzanja la mkuluyo.

A Kamphinda adaiyang'ana ndalamayo. Adafunsa kuti Ulemu akufuna kudzakhala ndani, adayankhidwa kuti namwino, n'kugwedeza mutu kuti ndi ntchito yabwino. Kenako adaipinda ndalamayo, adaiyika m'thumba la jekete, n'kunena momveka, ngati m'chipindamo muli wina woti amve:

"Makumi awiri ndi atatu."

Adamupempha kuti potuluka atseke chitseko bwino.

Limenelo lidali Lolemba. Lachinayi cha m'ma teni koloko m'mawa, ophunzira obwera kudzajambula phunziro adapeza babu lofiira likuyaka, ndiye adadikira panja monga mwa lamulo. Adadikira mpaka belu la nkhomaliro. Amene adalimba mtima kutsegula adawapeza a Kamphinda atakhala pampando wawo, mahedifoni kumutu, maso otsinzina, dzanja patebulo, thupi litazizira kale. Kompyuta idali ikujambulabe, maola anayi athunthu, kutsogolo kwa maikolofoni kulibe munthu. Amene adamvetsera zojambulidwazo akuti mulibe kanthu, ndi zii yekhayekha, koma palibe mmodzi yemwe adavomera kumvetseranso kachiwiri.

Pamaliro padafika makwaya khumi ndi limodzi, ena pa malole, ena wapansi kudutsa mapiri. Mkazi wa kwayamasitala wa ku Nachisaka adayimba tsiku limenelo, ndipo anthu adamvetsa chifukwa chake adakhala chete zaka zonse zija. Anthu ankaseka uku akulira. Atafunsa oyendetsa mwambo kuti oyimba alipo angati kuti awakonzere chakudya, palibe adafuna kuwerenga, adangophika chambiri.

Patatha mwezi akulu a koleji adaitanitsa msonkhano wokonza mitengo yatsopano. Wina adati azilipiritsa pa nyimbo. Mphunzitsi wa zoyimba adati pokumbukira malemu asunge mtengo wa pa khosi, kungoti aziwerenga mitu pakhomo, ndipo ambiri adavomera kuti ndi ulemu wabwino. Margareta adali pakona akulemba zokambirana, ntchito imene adaigwira zaka khumi ndi zisanu osatsegulapo pakamwa. Tsiku limenelo adayika cholembera pansi n'kuimirira. Adati mtengo ukhale wa pa ola, K20,000, alowe awiri kaya makumi asanu, ndipo m'chipinda chimene chija asadzawerengedwenso munthu, kaya ndi maso kaya ndi makutu. Palibe adatsutsa.

Lero situdiyo ikuyenda bwino, akutero a ku ofesi. Amajambula ndi mphunzitsi wina waulemu wake amene amayang'ana wotchi, ndipo makwaya amadzazana mpaka pakhomo, oyasama ndi oyimba omwe, poti onse mtengo ndi umodzi. Palibe amalozedwa chala, palibe amalira. Anthu amalowa, amayimba, amatuluka ngati achoka kuchigayo. Koma akuluakulu a makwaya akakhala pansi amadandaula kuti kale munthu unkatuluka m'menemo ukudziwa kuti wina wake wakumva, iweyo pawekha, pakati pa anthu makumi anayi. Ophunzira atsopano sadziwa n'komwe chifukwa chimene anzawo akale amalambalala njira ya kuseri kwa laibulale kukagwa chifunga.

Andireya adachira. Kuchipatala cha mishoni adampeza ndi chifuwa chachikulu, adamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pano wanenepa mpaka lamba uja adampatsa mphwake. Amauza aliyense kuti iye ndi umboni woti mkulu uja ankangolota. Za K1,000 ija sadziwa, ndipo Margareta alibe maganizo omuuza.

Lamulungu lililonse Margareta amavala yunifolomu ya kwaya n'kuima kumapeto kwa mzere wa alito, malo amene adachita kupempha, pafupi ndi mabesi. Buku amatsegula tsamba loyenera. Koma amene amaima naye pafupi akuti chaka chonsechi sadamvepo mawu ake. Andireya akamufunsa amati ndi chimfine. Nyimbo ikayamba amangopendeketsa mutu cha kumene kuli mwamuna wake, n'kumvetsera mpaka ithe.