Ulemu wa Paison pa Shire

Inu, senderani pafupi mumve za Paison, munthu amene anapambana mlandu ku boma koma n'kubwerako nkhope ili khwinya.

Zinachitika mlatho wa njanji udakali watsopano pa Chiromo. Paison anali mkamwini m'mudzi wina kumtunda kwa mtsinje, mwamuna wa Anastazia, bambo wa kamtsikana kotchedwa Anna. Anali munthu wabwino ndithu. Khasu ankalidziwa, nkhuni kwa apongozi ankatula asanatumidwe. Vuto linali uchema, mowa uja wa m'migwalangwa. Ukangomulowa ankapatsa moni ndi mbuzi zomwe, n'kudikira kuti ziyankhe.

Anastazia atatopa anabereka mwana n'kuwolokera kutsidya kwa malume ake, a Kalisto, nkhoswe ya ukwatiwo. Mawu anabwera: Paison akaonekere, ndipo akapezeka kuti ndi chidakwa, apinde mphasa yake azipita kwawo. Mwana atsala, paja kuno mwana ndi wa kuchikazi.

Tsono mlandu wotere sukambidwa popanda mayi wa mkazi, aNamalunga. Tsikulo amuna onse a mabwato anali ku maliro. Wowaolotsa anatsala ndani? Paison yemweyo.

Mukudziwa mmene zinalili kale. Mkamwini ndi apongozi sankayang'anana kapena kuyankhulana. Zaka zonsezo Paison akaona nsalu ya aNamalunga m'njira ankalumphira patchire, ngakhale pali chitedze. Lero akhale nawo m'bwato limodzi lopapatiza ngati mtondo wogoneka.

M'mawa anadzuka ndi mantha. Akuluakulu anati mantha alibe mankhwala, koma Paison ankawadziwa, ndipo anali pakhonde m'chipanda.

"Sindimwa ayi," anadziuza. "Kungoti uchema sugona. Pofika madzulo ukhala utasasa, ndipo kuutaya n'kunyoza munthu amene anakwera mumtengo."

Anamwa pang'ono kuti mantha achoke. Anamwanso kuti chipanda chipepuke. Kenako anaona kuti wotsalawo wachepa kwambiri, sungasungike. Anagwira tambala wokapepesera ankhoswe n'kutsikira kudooko akuponda pansi mosamala ngati pali mazira.

ANamalunga anakhala kutsogolo atafunda nsalu kumutu, tambala womangidwa miyendo pakati, Paison kumbuyo ndi nkhafi. Atadzutsa maso anaona msana wa apongozi. Uchema unamunong'oneza kuti msana wa apongozi ndi apongozi ndithu, ndipo lero ndi tsiku loonetsa ulemu woposa wa akamwini onse a m'chigwa. Anatembenuka, nawafulatira, nayamba kupalasa akuyang'ana kumene akuchokera.

Poti panalibe mwana womutuma mawu, anatuma amene analipo.

"Tambala iwe, uwauze apongozi kuti tanyamuka."

Anapalasa kanthawi.

"Tambala," anatero aNamalunga, "umuuze mkamwini kuti dooko lathu ndalionanso."

"Uwauze kuti madooko amafanana."

"Umuuze kuti mbuzi ili apoyo ikufanananso ndi yanga."

Paison anakankha mwamphamvu, bwato linalowa m'bango, linatulukamo chammbali, madzi apakati n'kulitenga ulendo wa ku Chiromo. Iye anamva kamphepo kumaso n'kuganiza kuti ndi mphamvu zake. Anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, akuitula kwa tambala kuti aipereke kutsogolo.

"Umuuze kuti kukubwera chinthu."

"Uwafunse ngati ndi mvuu."

"Umuuze kuti mvuu sinyamula thonje."

Linali bwato lalikulu la Pedro, kapitawo wa Chisena, litasenza mabelo a thonje mpaka pamwamba. Kugunda kwake kunamveka kumlatho. Belo limodzi linagwera m'madzi, bwato la Paison n'kuona thambo ndi mimba.

Inu, tamverani ulemu. M'madzimo Paison anatsinzina, chifukwa apongozi onyowa sayang'anidwa. Anafufuza ndi manja, nagwira chinthu chachikulu chofewa, nachikumbatira ndi mtima wonse.

"Musaope, ndakugwirani. Tambala, uwauze asaope. Kalanga ine, mayi wathu afufuma kale."

Belolo linkamwa madzi n'kumamira naye, iye osalitaya. ANamalunga, amene anakulira m'mtsinje womwewo, anasambira n'kumugwira nsalu ya m'chiuno. Nsalu inawatsalira m'manja, Shire n'kuilanda. Anamugwira khutu, namukokera pamchenga ngati mlamba. Kenako anavula nsalu yawo yakumutu, nam'ponyera atayang'ana kwina. Tambala anafika pagombe atakwera belo lija, limene linayandamanso Paison atalitaya, wouma ngati mfumu.

Pedro sanachedwe. Dzuwa lisanapendeke anali atawafikitsa pakhonde la mzungu woweruza milandu, pa mlandu wopalasa bwato ataledzera ndi kunyowetsa thonje. Mbiri imathamanga kuposa bwato, choncho a Kalisto ndi Anastazia anali atafika kale, limodzi ndi theka la msika.

"Zatipepukira," a Kalisto anauza Paison. "Mzungu akangoti unaledzera, ife titsata pomwepo. Ukwati watha."

Paison anayang'ana Anna ali kumsana kwa amake akuyamwa chala, ndipo uchema wina unamuthawa m'mutu. Wina unatsala.

"Waledzera uyu, bwana," anatero Pedro. "Anabwera chambuyo, akuyimbira nkhuku."

Mzungu anapukuta thukuta nafunsa kudzera mwa womasulira ngati panali mboni ina. Anthu analoza aNamalunga, amene anakhala patali pamchenga atafulatira bwalo lonse.

"Mayi, munamuona akumwa?"

"Ine ndione mkamwini?"

Azimayi onse anagwira pakamwa chifukwa cha funso lopanda mwambolo.

"Nanga fungo simunalimve?"

"Mphuno yanga inali kutsogolo, iye anali kumbuyo."

"Chifukwa chiyani ankapalasa atafulatira kumene akupita?"

"Mumafuna andiyang'ane msana?"

"Koma munthu wabwinobwino amayankhula ndi tambala?"

"Akanayankhula ndi yani? Ndi ine?"

Womasulira, yemwenso anali mkamwini kwinakwake, anamasulira mawuwa ndi chisoni chenicheni, mpaka kuwonjezerapo ake.

Mzungu anati basi, munthuyo ayende pamzere. Msilikali anakoka ndodo pamchenga, ndipo mwa tsoka kapena mwayi mzerewo unalunjika pamene panakhala aNamalunga. Paison anaponda bwino poyamba. Kenako phazi lamanzere linapita kukacheza kumanja, lamanja linalitsatira, mwini wake n'kukathera mumpanda wa maluwa a mzungu miyendo ili m'mwamba.

"Mwaona, bwana," anatero Pedro.

"Mwana woleredwa bwino," anatero mayi wina wogulitsa nsomba. "Njira ikaloza kwa apongozi, umapatuka."

Mzungu anafunsa a Kalisto ngati zinali zoona. A Kalisto anakanda m'mutu, anayang'ana mlongo wawo aNamalunga, navomera kuti mwambo umaterodi.

Chigamulo chinali chakuti kuledzera sikunaoneke, koma Paison ayanike thonje la Pedro mpaka liume.

"Nkhabe chilungamo kuno," anadandaula Pedro m'Chisena chake. "Kwathu akamwini amalemekeza apongozi atayang'ana kutsogolo."

Panja a Kalisto anatambasula manja. "Boma lakana. Ine ndine yani?"

Koma Anastazia analibe mwambo womuletsa kuyandikira. Anaima pamaso pa mwamuna wake.

"Bambo a Anna, tapumirani kuno."

Paison anakokera mpweya m'kati n'kuusunga mpaka maso anatuluka.

"Musadzivute, ndaumva ndili uko," anatero Anastazia. Anamuchotsa kaudzu ka m'madzi kamene kanakakamira m'tsitsi. "Koma sindingawayese amayi abodza pamaso pa anthu. Tiyeni kwathu."

Mtima wa Paison unavina. Ananyamula tambala namuyandikiza kukamwa. "Uwathokoze apongozi, uwauze kuti..."

"Musiyeni tambalayo, watopa."

Mawuwo anachokera patsogolo pake penipeni. Paison anadzutsa maso, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona nkhope ya aNamalunga. Anali ndi mpata pakati pa mano ngati wa Anna, ndipo maso awo ankaseka ngakhale pakamwa panali potseka.

"Mkamwini wofuna kumira ndi thonje poganiza kuti ndine, sindingamutaye," anatero. "Koma m'madzi muja ndakuonani monse, bambo. Palibe chatsala choti tizichitirana manyazi. Kuyambira lero tiziyankhulana. M'mawa uliwonse muzibwera kudzandipatsa moni, madzulonso chimodzimodzi. Pafupi. Mphuno yanga ilibe vuto lililonse."

"Inde, apongozi," anatero Paison, akuyankhulira kuphewa.

"Kuno," anatero aNamalunga, akuloza mphuno yawo.