Bwato Lopanda Kumbuyo

Wokayika adzuke pompano akapalire mbatatesi zake, chifukwa ine chibadwire sindinanamepo. Vuto lanu a kumapiri kuno, madzi mumawadziwira mu ndowa basi.

Malemu bambo anga anaphunzira kunyanja kukhoma bwato la matabwa losongoka mbali zonse ziwiri, lopanda kutsogolo, lopanda kumbuyo, loti funde lichokere kulikonse limangong'ambika pakati. Luso limenelo anandisiyira ine. Nditacheka paini ku Phiri la Dedza ndinakhoma langa pakhomo, mudzi wonse n'kumaseka, ati ndadzikhomera bokosi ndikadali moyo.

Ndiye chaka china mtsinje wa Linthipe unakokolola mlatho, tsiku lomwelo mwana wanga Rozina matenda a uchembere atamuyamba, khanda litakhala mopingasa, chipatala chili tsidya lina. Azamba anangopukusa mutu. Pamenepo ndinaopa, sindibisa.

Tinasenza bwato mpaka kumtsinje, Rozina n'kumugoneka pakati, ine nditamugwirizira mutu. Nkhafi zopalasira ndinapatsa aFilipo ndi aMateyu, alimi a kabichi oti bwato anali asanalikwerepo, ndipo ndinawauza chimodzi chokha, kuti wopalasa amafulatira kumene akupita. Titafika pakati pa madzi anasokonezeka. Aliyense anakhala kunsonga yake, kufulatira tsidya lake, n'kumati kutsogolo ndi kwakeko.

Mukumva? Uyu kukokera uku, uyo kukokera uko, madzi akutsika ndi mitengo, mbuzi, nkhokwe yathunthu, ngakhale denga la tchalitchi akatekisiti ali pamwamba akuyimbitsabe kwaya, koma bwato langa osapendekeka, osamwa ndi dontho lomwe, matabwa okha kulira, kutamuka ngati mphira ya legeni, kutalika, kutalika, mpaka nsonga ina inagunda tsidya lino, inzake tsidya lija! Amayi a madengu a tomato anayamba kuwolokerapo, kumbuyo kwawo ngolo ya ng'ombe, ine ndikukuwa kuti, "Pondani bwino, pali wodwala apa!"

Kutamuka komweko n'kumene kunawongola khanda m'mimba. Linabadwira pakati pa mtsinje, likulira kuposa madziwo, ndipo Rozina anadzuka n'kumalizitsa ulendo wapansi.

Mukuti bodza? Mdzukulu wangayo mumamudziwa nonse. Ndi uja amathyola mapeyala a kunsonga ataima pansi, ndipo mukakumana naye panjira simungadziwe ngati akupita kapena akubwera. Pitani mukamuyeze nokha.