A Chipeso ndi Chitsulo cha pa Denga la Holo

Munthu wadazi woyenda ndi chipeso m'thumba ndinamuona mmodzi yekha m'moyo wanga. Anali mphunzitsi wathu wa sayansi, ine ndili hedimasitala. Ana ankawatchula kuti a Chipeso, ndipo patapita nthawi ngakhale akazi awo ankatero. Amene anandiphunzitsa ku mishoni ankati kutamanda munthu n'kumuwononga, choncho sindiwatamanda. Ndingonena zimene ndinaona.

Poti pamutu pawo panalibe ngakhale katsitsi kamodzi, ankabwereka mitu ya anzawo. Munthu ukangoima pafupi umamva, "Tandibwerekani mutu pang'ono." Ankaupesa mwamphamvu, kenako n'kuyandikiza chipesocho ku timapepala tong'ambang'amba, timapepalato n'kudumpha kukamatirira. Anabwerekapo mutu wa mlonda, wa abusa, ndi wa mayi wina amene anangobwera kudzafunsa za mwana wake wodwala.

Tsiku lina anabwereka wa woyendera sukulu, bambo wa suti yakuda amene sankaseka. Kunja kunali chinyezi, ndipo timapepala tinangogona phee.

"Kodi chikuyenera kuchitika n'chiyani?" anafunsa bwanayo, tsitsi lili nyankhalala.

"Chikanachitika, bwana, koma mafuta mwadzolawa achuluka."

"Ndiye kuti mutu wanga walephera?"

"Mudzabwereze m'chilimwe."

Lipoti limene linabwera pambuyo pake sindinawaonetse.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ndipo tonse tinachiloweza mosafuna. Ankati magetsi ali amitundu iwiri: ofanana amakankhana, osiyana amakokana. Chinthu chikakhala ndi magetsi chimazunguliridwa ndi bwalo losaoneka, ndipo cholowa m'bwalomo chimakokedwa chisanakhudzidwe n'komwe. Mtunda ukautalikitsa kawiri, mphamvuyo imachepa kanayi. Zonsezi tikanazipirira zikanathera m'kalasi. Koma iwo maso awo anali pa holo.

Holo yathu ili pamtunda, ndi yayitali kuposa nyumba zonse, ndipo mvula ikayamba ana mazana anayi amathawira m'menemo. Mitambo ikangoda, a Chipeso ankalowa mu ofesi mwanga osagogoda.

"Ahedi, mtambo uwo ndi chipeso chachikulu. Ife ndi timapepala. Magetsi a pansi pano akuthamangira pa chilichonse chachitali kuti akumane ndi anzawo a kumwamba, ndipo chachitali pano ndi denga lomwe ana abisalamo."

"Aphunzitsi, ndili ndi alendo."

"Nawonso ndi timapepala."

Ankafuna chitsulo chosongoka pamwamba pa denga, ndi waya wamkuwa wotsika nacho mpaka m'nthaka. Nkhaniyi ndinaipititsa ku komiti ya makolo. Wapampando, telala wokalamba wosachedwa kupsa mtima, anafunsa funso limodzi.

"Tiuzeni zoona, aphunzitsi. Chitsulocho chimakoka mphezi kapena ayi?"

Munthu wochenjera akanazungulira. A Chipeso anati, "Chimakoka, inde. Kenako waya..."

"Basi, mwamva nokha makolo. Akufuna kuitanira ana athu mphezi."

Loweruka lotsatira a Chipeso anakwera okha padenga n'kuchikhoma chitsulocho, waya n'kumukwirira pansi pamodzi ndi khasu lakale. Lolemba ana anabwera theka. Lachitatu kunabwera ana makumi atatu okha, makolo ataima pageti. Kalata yowapempha kuti apume msanga pa ntchito ndinalemba ndine. Anaiwerenga ataimirira, n'kuipinda bwinobwino.

"Zamveka, ahedi. Koma chitsulo ndi waya ndi banja. Mukamachotsa, muchotse zonse."

Ndinauza mlonda kuti achotse. Mlondayo ankaopa pamwamba kuposa mmene ankaopera akuba. Anakwera pa mgolo, n'kudula waya pamene dzanja lake linafika, n'kukamupereka kwa wapampando ngati umboni. Makolo anakhutira, ana anabwerera. Chitsulo chinatsala padenga, poti palibe ankafuna kuchikhudza. Ine ndinachiona, ndinati tidzaona mayeso akatha.

A Chipeso anatulukira masana ena mitambo yoyamba itayamba kusonkhana. Anali ataonda, paphewa atakoleka waya watsopano. Anayang'ana kachidutswa ka waya kolendewera pakhoma, kenako anayang'ana ine.

"Mwaitana mlendo n'kumutsekera khomo lotulukira. Mukuganiza kuti adutsa kuti? Adutsa mwa ana."

"Simulinso pa ntchito, aphunzitsi. Ndilembera akuluakulu."

"Lembani. Mtambo suwerenga makalata."

Anatenga makwerero a kuseri kwa khitchini, amene tonse tinkadziwa kuti adyedwa ndi chiswe. Sindinawaletse, ndipo sindinawagwirire makwererowo. Ndinaima pakhonde manja ali kumbuyo. Analumikiza waya, anamanga bwinobwino, n'kuyamba kutsika kuti akakwirire nsonga inayo m'nthaka. Thabwa lachitatu kuchokera pamwamba linathyoka.

Kuchipatala anagona milungu itatu, chiuno chitathyoka, kenako chibayo chinawalowa. Ndinapitako kamodzi. Ndinali nditakonza mawu, koma sanandipatse mpata.

"Waya uja mwakwirira?"

"Takwirira."

"Pakuya bwanji?"

"Mpaka m'chiuno."

"Chiuno cha ndani? Mlonda uja ndi wamfupi."

Akazi awo anaseka, kenako anatuluka panja. Nditabwerera ndinakumbitsanso dzenjelo, ine ndikuyeza ndi thupi langa. Uthenga woti takuyitsa unawapeza atatsikira kale kuli chete.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Wayayo alipobe, ndipo palibe amamukhudza, osati chifukwa anthu anamvetsa, koma chifukwa amati ndi wa malemu. Chipinda cha sayansi ndi chaukhondo tsopano. Amene analowa m'malo mwawo amalemba zonse pa bolodi, ana n'kumakopera mwakachetechete, ndipo mu ofesi mwanga aliyense amagogoda.

Mphezi sinagwepo pa holoyo mpaka lero. Wapampando akandipeza amati, "Mwaona, ahedi? Munthu uja anangodzipha chabe." Sindikudziwa ngati tsiku loti mphezi igwe lidzafika ine ndili moyo. Koma kukayamba kugunda, ndimatseka ofesi n'kupita kukaima m'holo pakati pa ana, ndipo sindituluka mpaka mtambo utadutsa.