Khoma la ku Joni

Lolemba
Kutentha kwa Okutobala! Khoma lakumadzulo la chipinda chathu likuwotcha dzanja. Amake Shakira akadali ku Katuli kwa amayi awo, akuti khanda sangabwere nalo kudzaphikidwa muno. Abwera Lamulungu kudzaona okha. Nzeru ndili nayo, ndinaiona ku Joni ndikunyamula katundu pomanga nyumba: umamata fomu kunja kwa khoma kuti kutentha kusalowe, pamwamba pake tinjerwa topyapyala. Fomu ndapeza, mabokosi oyera aja ogulitsa nsomba amaikamo ayezi.

Lachiwiri
Che Amidu, mmisiri wanga, akupukusa mutu. "Abwana, njerwa imakhala pa njerwa inzake." Munthu wosadziwa ngakhale msewu wa ku Joni aziphunzitsa ine? Fomu tamata. Nyumba yonse ikununkha chambo, koma zitha.

Lachitatu
Tikucheka njerwa ndi galayinda yobwereka. Zomwe ndapindula: fumbi m'kamwa, zidutswa mulu, chala chotupa. Kenako magetsi thi! Tinjerwa tapulumukato tamata ndi simenti, tafika pawindo. Kukongola kwake! Odutsa akuima, ine ndikunamizira kusawaona.

Lachinayi
Ndikumwa tiyi, ndikungomva phu! phu! Njerwa zonse pansi. Simenti sikugwira pa fomu. Tsopano ndikukumbuka, ku Joni kuja kunali waya wamaso ang'onoang'ono ndi guluu wa m'matumba. Ndinkasenza ndine pamapewa pangapa. Bwanji amisiri akumeneko sanandiuze ntchito yake? Anthu oipa mtima! Che Amidu akungoimba mluzu, ndipo mluzuwo ukundipweteka kuposa chala.

Lachisanu
Ndikuchokera kumzikiti, ndikupeza nkhuku za aneba zili pamzere, zikujompha khoma langa. Fomu yam'munsi yatha, bwalo lonse mbuu! Ndikukadandaula. Mayi aja osachita n'komwe manyazi: "Mwapachika nokha chakudya pakhoma, nkhuku yalakwanji?" Akuti ikafa imodzi tikumana.

Loweruka
Fomu yam'mwamba nayo palibe. Nkhuku sizikwera makwerero! Ndikutsikira kudooko, ndikuona khoma langa likuyandama pamadzi, alimangirira pa ukonde wa alamu anga enieni. "Timayesa mwataya, alamu." Andipatsa usipa pambale kuti ndizizire mtima. Ndalandira, koma sindinathokoze.

Lamulungu
Amake Shakira afika, mwana kumsana. Akuyang'ana mulu wa zidutswa, akununkhiza, akuika dzanja pakhoma n'kulichotsa msanga. Sakukalipa, bola akadakalipa. "Mwayesetsa, abambo ake. Tibwera mvula ikagwa." Mwana sanamutsitse n'komwe, ndangomugwira kaphazi. Wakabaza amene anawabweretsa anali asanachoke, ndiye kuti anamuuziratu kuti adikire.

Ndakhala ndekha pakhonde, thukuta kamukamu. Kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Pansi pa windo patsala kachidutswa kamodzi ka fomu, ndipo tambala wa aneba akukayang'ana. Sindimuthamangitsa. Adye.