Makaseti Awiri ndi Tomato wa Bambo

Lolemba

Kwacha kotentha kale. Nyenje zayamba kulira mu jakaranda wa pageti ndisanasambe n'komwe. Kuseri kwa mpanda galu wa aneba akuuwa munthu wa makala. M'dimba payipi ya Bambo ikuti tsiii, ndipo apumbwa akukangana pa tomato.

Pulani ya sabata ino: Loweruka masana kusukulu kuli disiko, ndipo nyimbo imodzi ya gulu langa iyenera kulira m'holo. Imodzi yokha basi. Ndatopa kukhala munthu yekhayo mu Lilongwe muno amene amawadziwa anyamata amenewa.

Ndi gulu la kum'mwera kwa America, la kale ine ndisanabadwe. Makaseti awiri, chimbale choyamba ndi chachiwiri, anandisiyira mzungu amene ankachita lendi nyumba yaikulu kuno ku Area 47, pomwe Bambo amagwira ntchito ya m'dimba ndipo ife timakhala kuseri. Anachita kujambula yekha ali mnyamata. Tsiku losamuka anati, m'Chichewa chake chokhota chija: "Ngakhale kwathu anthu sanawamvere. Usamale bwino."

Pa intaneti pali zimbale zawo zotsatira zokha, za ng'oma zaphokoso ndi tsitsi lalikulu. Ziwiri zoyambazi ndafufuza mpaka bandulo ya Amayi kutha. Palibe.

Zofunika:
- wailesi ya kaseti, ilipo
- foni ya Amayi yojambulira, apemphedwe atakhuta
- Yamikani wa Fomu 4, pulifekiti wa zisangalalo, sandidziwa

Ndikuweruka, ndikukanikiza batani. Wailesi ikung'ung'udza koma kaseti siikuzungulira. Lamba waduka. Tsiku loyamba!

Lachiwiri

Njira yonse yopita kusukulu ndikubwereza mawu oti ndimuuze Yamikani. Chimbale choyamba anajambulira m'galaja, ndipo pa nyimbo yachitatu galu amamveka akuuwa, iwo osadula. Magitala amalira ngati masupuni ambiri akugwera pa simenti, koma mwadongosolo. Woimba amatafuna mawu ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa, komabe mtima umamva. Chachiwiri n'choyera pang'ono, muli ndi limba. Zonsezi ndazikonza bwinobwino m'mutu.

Pa buleki ndikumupeza akudya zigege kuseri kwa laibulale. Zimene zikutuluka pakamwa panga: "Ndili ndi nyimbo."

"Ndiwe ndani, aise?" Ndikutchula dzina. "Imavinika?" Ndikuti munthu atha kugwedeza mutu. Iye akunyambita chala. "Nditumizire pa foni pofika Lachisanu. Koma ikakhala ya maliro sindiika."

Walola! Kapena sanakane.

Kunyumba Bambo akudula lamba watsopano ku chubu chakale cha njinga. Kaseti ikuzungulira, koma mwaulesi. Woimba wanga akulira ngati ng'ombe yomangidwa padzuwa. Amayi ali pakhomo: "Ndiye kubuula kumeneku n'kumene kunathera bandulo yanga?"

Mawa ku Old Town.

Lachitatu

Minibasi yadzaza. Kondakitala: "Wailesiyo pamiyendo, mfana, apo ayi ilipire mpando."

A Maliseni ali ndi benchi pafupi ndi depoti, pakati pa wogulitsa maloko ndi mayi wa nthochi. Amakonza mafoni masiku ano, koma ataona wailesi yathu nkhope yawala. Akuisisita ngati mbuzi yawo yomwe inasowa. Lamba weniweni ali naye m'chitini cha mkaka. Ntchito yatha ndisanapeze pokhala.

"Patse kaseti tiyese." Ndikupereka yachiwiri. Yoyamba ili m'thumba la malaya, imeneyo sagwira munthu. Mabatire athu afooka, ndiye akundituma kukagula ena kutsidya kwa msewu, iwo akulumikiza ku batire yawo ya galimoto. Kuwoloka msewu umenewu kumafuna mapemphero. Ndikubwera mochedwa.

"Mabatani onse ndayesa, mwana wanga," akutero monyadira. "Onse! Ine sindichita ntchito ya theka."

Kunyumba ndikumvetsa tanthauzo la onse. Ayesanso lofiira lija, lojambulira. Mbali yoyamba ya chimbale chachiwiri tsopano ili motere:
- magitala anga, kanthawi kochepa
- "Wani thu, wani thu, Maliseni pano"
- oitanira minibasi: "Kawale Biwi! Kawale Biwi! Mmodzi yekha tizipita!"
- mayi wa nthochi akukalipira munthu amene wafinya nthochi osagula
- mlaliki, patali
- "Kawale Biwi!" mpaka kumapeto

Pamwamba pa kaseti pali timano tiwiri tomwe ukatithyola munthu sangajambulepo. Ndaidziwa lero ntchito yake. Ndathyola tonse, pa makaseti onse awiri, ngati wotseka khola mbuzi zitapita.

Lachinayi

Palibe vuto. Nyimbo ya galu ija ili pa chimbale choyamba, ndipo chili bwino.

Foni ya Amayi yadzaza ndi nyimbo za kwaya. Takambirana ngati a boma awiri. Alola kufufuta vidiyo imodzi ya ukwati wa munthu amene sanawaitane n'komwe.

Ndikuyesa kaye ndi kaseti yowonongeka ija. Foni pafupi ndi sipika, kujambula, kumvera. Zikumveka bwino, ngakhale nthochi.

Tsopano yeniyeni. Kuyesa koyamba: tambala. Kwachiwiri: Bambo m'dimba akukuwa, "Fyaa! Fyaa! Mbalame zopanda ulemu!" Kwachitatu kuli zii. Gitala ikuyamba, ine ndasiya kupuma. Kenaka woimba akumira m'madzi, kenaka phokoso ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga.

Lamba watsopano ndi wamphamvu kwambiri. Wailesi yadya kaseti.

Ndikutulutsa pang'onopang'ono ndi bolopeni. Riboni ikungobwera, ikungobwera, yopindikapindika ngati matumbo a nkhuku. Yaduka malo amodzi okha. Izi zimakonzeka: kuwongola ndi chala, kulumikiza ndi selotepi, kukulunga ndi bolopeni. Selotepi palibe. Ndaika zonse m'beseni pakhonde, chifukwa m'nyumba Amayi amasesa chilichonse chomwe sichikuyenda.

Mbali yachiwiri ya chimbale chachiwiri ikadali yamoyo, koma m'kamwa mwa ng'ona imeneyi sindiikamo kanthu kenanso.

Lachisanu

Pa foni pali choyesera chija chokha. Amayi andibwereka mpaka masana, ndi malamulo ambiri kuposa a Mose. Ndikudziuza kuti magitala a kumayambiriro aja akwanira. Munthu wa makutu amva.

Yamikani waika waya m'khutu limodzi. Pa magitala nkhope ikukwinyika ngati wamwa kwinini. Chala chikupita kukazimitsa. Kenaka a Maliseni. Kenaka oitanira. Akuseka mpaka kugwira khoma.

"Aise, iwe ndiwe dolo! Kawale Biwi! Iyi ndiika biti usiku uno. Magaye, tabwerani mumve!"

Ndikuti nyimbo ndi ya kumayambiriroko. "Zoyambazo ndidula, osadandaula."

Chaka chonse cha Fomu 3 palibe amene amandiitana. Lero pofika nthawi yoweruka aliyense akundidziwa. Dzina langa ndi Kawale Biwi. Ngakhale aphunzitsi a Jogalafe.

Selotepi ndaiwala kugula.

Loweruka

Ndikudzuka ndi mtima wokonza. Ndipempha selotepi kunyumba yaikulu. Beseni lili pakhonde pomwe ndinalisiya. Muli madzi ndi masokosi.

M'dimba mukunyezimira.

Ndodo zazikidwa m'mbali mwa mabedi onse a tomato, ndipo pakati pake riboni yakuda yamangidwa uku ndi uku, yodulidwa bwinobwino molingana ndi bedi lililonse. Mphepo ikaomba ikuphethira ngati madzi. Chimbale choyamba chonse, mbali zonse ziwiri, kuyambira ku mpanda mpaka ku thanki.

Bambo aima chogwira m'chiuno. "Ndinaona zinyalala zako m'beseni, ndinati zisatayike pachabe. Kumudzi tinkatero pa mapira. Taona! Palibe pumbwa ndi mmodzi yemwe. Adona a kunyumba yaikulu atuluka kudzajambula ndi foni."

Munthu sukalipira bambo ako pa tomato amene amatidyetsa.

Masana ndikupitabe ku disiko, sindikudziwa chifukwa chake. Ndaima pafupi ndi chitseko. Yamikani akukuwa dzina langa latsopano pa maikolofoni, biti ikugwa, holo yonse ikudumpha. "Mmodzi yekha tizipita!" Fumbi mpaka kudenga. Waibwereza katatu. Pakati penipeni, mayi wa nthochi asanayambe, wasiyamo kulira kumodzi kwa gitala, kamodzi kokha, ngati supuni imodzi yagwa. Amene wamva ndine ndekha.

Mtsikana wina wa Fomu 2 akundifunsa kuti woimbayo ndani. Ndikuti a Maliseni.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Ndati mutu. Amayi apita m'mawa ndi yunifolomu ya kwaya ndi foni yawo.

Ndagona chagada, ndikuyesa kukumbukira nyimbo za chimbale choyamba mwa ndondomeko yake. Yachisanu yayamba kale kusakanikirana ndi yachisanu ndi chimodzi. Panja riboni ikulira ndi mphepo, mvuuu, mawu amodzi okhaokha.

Kenaka mluzu. Bambo akuthirira asanapite ku mapemphero, ndipo akuimba mluzu. Ndi nyimbo yachitatu. Yonse, osaphonya, mpaka akuima kaye pamalo pamene galu amauwa, n'kupitiriza.

Ndikutuluka opanda nsapato. Ndikufunsa kuti aidziwira kuti.

"Miyezi yonseyi khoma lake lomweli, umayesa ndilibe makutu? Anyamatawo amakhwatcha bwino, ngati banjo ya malume ako a ku Nathenje. Woimbayo ndiye ayi, atsegule pakamwa. Ya galuyo uiikenso madzulo ano, wailesi si yakonzedwa?"

Ndikuloza tomato.

Akuyang'ana ndodo, akuyang'ana ine. Madzi akusefukira pa bedi mpaka kunyowetsa nsapato zawo za kutchalitchi. "Ndi imeneyi?" Ndikugwedeza mutu. Akupita kukatseka mpopi, kenaka akutuluka pageti osatenga Baibulo.

Choncho mu Lilongwe muno tilipo awiri. Tatsala ndi mbali imodzi ya kaseti, yomwe ndaibisa m'bokosi la nsapato, wailesi yodya ana ake, ndi mluzu wa Bambo.

Amayi abwera masana ndi anzawo awiri a kwaya, mmodzi akung'ung'udza Kawale Biwi, akuti mwana wake anaibweretsa dzulo. Adona ndi abwana abwera pa galimoto dzuwa litapendeka. Bambo abwera pambuyo pa onse, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Aika selotepi yatsopano pa bedi langa, apita kukasintha malaya.

Apumbwa nawonso abwerera. Atera pa ndodo zomwezo, ndipo akudya tomato.