Buku la Masamba Omatana

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo manyazi ake ndi anga ndekha. Anzanga amene anaiona ndi maso akhala akuifotokoza mothira mchere, ndiye bola ndidzivule ndekha, mumve zoona zake.

Inali nthawi imene sitima inali itangoyamba kumene kufika ku Limbe, anthu akumayenda mtunda wautali kudzangoiona ikufuka utsi. Ine ndinali kalaliki pasitolo ina ya mzungu kufupi ndi Mandala. Ndinali ndi jekete imodzi, tayi imodzi, ndi Chingerezi chimene ndinkachiona ngati choposa cha mwini sitoloyo. Ndinalinso ndi vuto limodzi: mtima wanga unali pa Esinati.

Esinatiyo anali atandilola kale. Koma kwathu kuno mkazi akalola, nkhani imakhala isanayambe, pakuti mwini mbumba ndi amalume. Amalume a Esinati anali a Filemoni, mphunzitsi wa ku mishoni komanso mkulu wa mpingo, munthu woti akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kukumbukira machimo ako onse. Loweruka lililonse masana ankasonkhanitsa makalaliki ndi aphunzitsi pakhonde pawo, aliyense n'kumafotokoza buku limene wawerenga ndi mmene waliwonera.

Nditatuma ankhoswe anga, yankho linabwera lalifupi.

"Mnyamatayo timangomva kuti amawerenga zolemba za pazitini za m'sitolo. Abwere pakatha milungu itatu, adzatiuze za mabuku enieni. Tikamumva tidzayankha."

Zitini? Ine? Magazi anawira. Ndinalumbira kuti sindikapita ndi buku limodzi ayi, ndikapita ndi atatu, mpaka magalasi aja akachite nkhungu.

Mawa lake ndinapita kwa dona, mkazi wa bwana wathu, chipewa chili m'manja. Anali mayi wabwino mtima ndipo anali ndi kabati yodzaza mabuku. Anaseka nditawauza cholinga changa, n'kundisankhira atatu. Awiri anali akale, othaitha. Lachitatu linali latsopano, likununkhirabe.

"Take good care, Jonas," anatero. "Ili lafika kumene. Ngakhale ine sindinaliwerenge."

Ndinawakulunga m'nsalu ngati mazira. Kuyambira tsiku limenelo, anzanga akamadya masana, ine ndinkakhala kuseri kwa sitolo pamabelo a nsalu, kuwerenga. Kudya ndinakuika pambali kaye. Esinati anali wofunika kuposa chinangwa chootcha.

Buku loyamba linali la zamatsenga. Mwana wa mfumu anasandutsidwa kadzidzi ndi azakhali ake, n'kumauluka m'dziko limene mitengo imalankhula. Ndinaliona kuti ndi bodza lamkunkhuniza. Kadzidzi woti anthu akumukonda, kumupatsa chakudya pawindo? Kuno akangolira padenga, mudzi wonse umayamba kuyang'anana. Komabe ndivomere: mwana wa mfumuyo atabwerera kwa amayi ake, amayiwo n'kumuthamangitsa ndi tsache osamuzindikira, ndinalira. Ndinanamizira fumbi la mabelo.

Lachiwiri linali la mbiri ya mafumu akale a ku Ulaya. Limeneli linandizunguza mutu. Mafumu atatu dzina limodzi, ana awonso dzina lomwelo, onse akuphana zaka zambirimbiri chifukwa cha mpando umodzi. Nkhondo zake zinalembedwa bwino, malupanga ndinkawamva kulira m'makutu, koma mlembiyo ankatha masamba asanu akungofotokoza zovala za mfumukazi.

Ndiye kunabwera lachitatu, latsopano lija, la wakupha ndi wapolisi wofufuza.

Tsamba loyamba ndinawerenga bwinobwino. Pofuna kutembenuza, ndinapeza kuti masamba ndi omatana pamwamba. Sikuti anamatidwa ndi ulimbo ayi, pepala lenilenilo linali lopindidwa, losadula. Ndinapitirira. Masamba awiri otseguka, otsatira otsekeka. Awiri otseguka, enanso otsekeka. Buku lonse choncho!

Ndinapemerera mpweya, osatheka. Ndinasuzumira chapansi ngati munthu wosuzumira m'nkhokwe, ndikungoona timawu tiwiri titatu. Kung'amba? Buku la dona, latsopano, loti mwini wake sanalikhudze? Ntchito ikanathera pomwepo.

Ndinakhala masiku awiri ndikuganiza. Tsiku lachitatu nzeru inandibwerera, ndipo ndinadzitamandira ndekha. Ili ndi buku la chinsinsi! Mlembi watseka masambawa dala kuti wowerenga agwiritse ntchito mutu wake. Azungu ndi ochenjera bwanji! Ndinanena mumtima kuti, bambo mlembi, mwakumana ndi mnzanu.

Nkhani yake inali iyi. M'nyumba ina yaikulu munasonkhana alendo: abusa, dokotala, msilikali wopuma, ndi mayi wina wamasiye. Pachakudya, abusa anakangana ndi msilikali. Kenako masamba otsekeka. Potseguka, m'chipinda muli mtembo, anthu akulira, wapolisi wafika. Mtembo wa yani? Mlembi wabisa. Onse ankangoti "malemu", "munthu wosauka uja".

Ndinatenga pensulo ndi pepala n'kuyamba kufufuza. Posakhalitsa ndinaona chinthu chachikulu. Chichitikireni ngoziyo, abusa sanaonekenso. Patebulo palibe. Wapolisi akufunsa anthu mmodzimmodzi, iwo palibe. Chipewa chawo chinapezeka pambali pa mtembo. Baibulo lawo linali ndi magazi.

Ndinamenya ntchafu mpaka fumbi linabuka pabelo. Athawa!

Loweruka lija linafika. Ndinasita jekete ndi mbaula, ndinapaka nsapato mafuta, ndinanyamuka mabuku ali kukhwapa. Pakhonde panali amuna okwana khumi. Panalinso a Jemusi, kalaliki wa lamya ku siteshoni, amene ndinkadziwa kuti nawonso maso awo anali pa Esinati. Esinati anabwera ndi tiyi, anagwada, anandiponyera diso limodzi n'kubwerera m'nyumba. Ndinamva mphamvu ngati ndadya mkango.

"Yonasi," anatero a Filemoni, "bwalo ndi lako."

Ndinaimirira, chala chachikulu ndakoleka m'thumba la jekete.

"Mr Chairman, ndi inu nonse madoda!"

Ndinayamba ndi la kadzidzi. Anthu anagwedeza mitu. Ndinalowa la mafumu, ndipo pomaliza ndinati, "Mr Chairman, funso langa n'lakuti, m'dziko lonselo munalibe kalipentala woti n'kuwapangira mpando wachiwiri?"

Khonde lonse linaseka. A Filemoni nawonso mlomo unasuntha pang'ono, zimene anthu ankati zimachitika kamodzi pachaka. Ndikanakhala pansi pamenepo, bwenzi lero ndikukufotokozerani nkhani ya ulemerero. Koma mbuzi ikalawa mchere sigwirika.

"Tsopano lachitatu!" ndinakweza buku lija m'mwamba. "Mlembi uyu ndimamupatsa ulemu, amadziwa kusunga chinsinsi. Koma waonjeza! Munthu akulowa m'chipinda, mwadzidzidzi ali pasitima. Mayi akukomoka, mwadzidzidzi akuthira tiyi. Very bad! Wofooka mutu sangalimalize. Koma ine ndalimaliza, ndipo wakuphayo ndamugwira."

A Filemoni anasendera kutsogolo n'kuyang'anitsitsa chikuto.

"Limeneli ndinaliwerenga mwezi watha, anandibwereka mzungu wa ku mishoni. Pitiriza. Wapha ndani?"

Pamenepo munthu wanzeru akanayamba kutsokomola n'kupempha madzi. Ine ndinatukula chifuwa.

"Abusa!"

Wina anaika kapu pansi pang'onopang'ono. A Filemoni anavula magalasi.

"Wati ndani?"

"Abusa, Mr Chairman! Ndikudziwa kuti n'zowawa kwa inu akuluakulu a mpingo, koma chilungamo sichiona kolala. Chipewa chawo chinali pambali pa mtembo!"

"Chinalidi pomwepo."

"Baibulo lawo linali ndi magazi!"

"Linalidi nawo."

"Mwaona? Ndiye ngati sanaphe, ali kuti? Wapolisi atafika, bwanji sanaonekere? Munthu wa Mulungu, mnzake wamwalira m'nyumba imodzi, ngakhale kumaliro komwe osapita!"

"Kumaliro analipo," anatero a Filemoni mofatsa.

"Nonsense! Pepani, Mr Chairman, koma ndinawerenga mayina a onse amene anaima kumandako. Iwo panalibe!"

"Analipo, Yonasi. Anali m'bokosi."

A Jemusi anapopera tiyi pa buluku la mnzawo. Ena anagwira m'mimba. Mphunzitsi wina wachikulire anachoka pampando n'kukatsamira mzati, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinangoima, chala chikadali m'thumba la jekete, osadziwa kuti ndichichotse bwanji.

"Tione bukulo," anatero a Filemoni.

Analitsegula, anaona masamba aja, anandiyang'ana, anayang'ananso buku. Kenako anatembenukira kukhomo.

"Esinati! Bweretsa mpeni!"

Mpeni? Ndinalumpha ngati ndaponda khala lamoto, n'kugwira bukulo mbali ina.

"Ayi, amalume! N'la dona! Ntchito yanga! Bola mucheke ine!"

"Siya, iwe!"

"Sindisiya!"

Tinakokana, ine uku, mkulu wa mpingo uko. Esinati anatulukira ndi mpeni wosendera mbatata, n'kupeza bwenzi lake likulimbana ndi amalume ake. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

A Jemusi ndiwo anandimasula, ndipo anachita mokondwa kwambiri.

"Achimwene, mabuku atsopano amabwera choncho kuchokera kosindikiza. Pepala limakhala lalikulu, amangolipinda. Woyamba kuwerenga ndiye amadula. Azungu ali ndi kampeni kake ka ntchito yomweyo. Simunakaone patebulo la bwana wanu?"

Ndinali nditakaona. Tsiku lililonse ndinkakapukuta, ndikudabwa kuti mpeni wosathwa chotere ngwantchito yanji.

Ndinalisiya buku lija. A Filemoni analowetsa mpeni pakati pa masamba, kwee! Anandipatsa kuti ndiwerenge mokweza. Ndinawerenga mmene wantchito anapezera abusa ali gone pansi, Baibulo lili pachifuwa. Munthu amene ndinamuzenga mlandu milungu iwiri yathunthu anali atafa kale pa tsamba lachisanu ndi chinayi.

Komabe sindinafune kugonja ndili chete.

"Ndiye... wapha ndani, Mr Chairman?"

"Kawerenge," anatero, akundipatsa buku ndi mpeni womwe.

Anthu anabalalika akusekabe. A Jemusi anatsanzika mwaulemu wonyanyira, akumwetulira ngati ukwati ndi wawo kale. Ine ndinatola chipewa kuti ndizemere kuseri. Mtima unali utasweka, ndinadziwa kuti Esinati ndamutaya chifukwa cha pakamwa panga.

"Yonasi, khala pansi."

Ndinakhala, pansi penipeni, mpando ndinauona kuti sukundiyenera.

"Bukuli wakhala nalo nthawi yaitali bwanji?"

"Milungu itatu, amalume."

"Unkafuna kudziwa zili mkatimo?"

"Kwambiri, amalume. Mpaka mutu unkandipweteka."

"Mpeni unali nawo?"

"Ndinali nawo."

"Koma sunadule."

"N'chinthu cha eni, amalume."

Anapukuta magalasi nthawi yaitali. Kuseri kwa chitseko ndinamva wina akupuma mobisa, ndipo ndinadziwa kuti ndi ndani.

"Anyamata a masiku ano," anatero a Filemoni, "akabwereka njinga amabweza belu lokha. Iwe wasunga cha mwini mpaka kudzichititsa manyazi pagulu. Kauze ankhoswe ako abwere Lachitatu. Mbumba yanga ndakupatsa."

Ndinafuna kuwomba m'manja, kugwada, kulira, zonse nthawi imodzi.

"Koma pali lamulo limodzi," anakweza chala. "M'nyumba mwanumo mukadzabuka mlandu, kaya wa ana, kaya wa nkhuku, woweruza akhale Esinati. Iwe usadzayerekeze. Ungadzamangitse maliro!"

Kuseri kwa chitseko kunaphulika chiseko, ndipo mbale inagwa n'kusweka.

Abale, mlandu ukaumva theka, umanjata ndi wakufa yemwe.