Buku ndi Mtengo wa Azungu

Lolemba, 4 Novembala 1996
Mwana wanga Tadala, wa zaka khumi ndi zinayi, wokulira kunja kuno, akuti saphunzira Chichewa chifukwa ndi Chingerezi chakuba: buku, sukulu, supuni. Wandilasa pamtima! Ndamulonjeza kuti Loweruka ndimuonetsa kuti Azungu nawonso mawu awo anachita kutola kwina. Ndiyamba ndi "buku". Mphindi zisanu basi.

Lachiwiri
Ndaweruka n'kuthamangira ku laibulale, ku Hamilton konkuno. Angerezi amati book, Ajeremani Buch, Adatchi boek, Aswidishi bok. Mbumba imodzi! Akuti gwero lake ndi mtengo wa beech, poti makolo awo ankalemba pa matabwa ake. Mfundozi ndalemba pa makadi khumi ndi awiri.

Lachitatu
Buku lina likuti za mtengozo n'zokayikitsa. Ndiye ndikanamize mwana? Ndafunsa Mjeremani wa ku ofesi kwathu. Akuti: "Ine mabuku ndimangowerenga." Makadi afika makumi atatu. Nkhomaliro ndaiwala.

Lachinayi
Zofunika: mapu, zolembera zamitundu inayi, nthambi ya beech. Nthambi ndathyola ku paki mobisa, kuopa apolisi. Mnansi wathu waiyang'ana, akuti ndi mtengo wina.

Lachisanu
Tadala akusuzumira pakhomo. Akuti poti Lamulungu tiimbira foni azakhali ake ku Dedza, moni wa akuluakulu amayankha bwanji? Ndamuuza adikire kaye, ndili pa Agothi, mtundu umene unatha kalekale. Kwa iwo mawu akuti boka ankatanthauza chilembo. Mayi ake ali kukhitchini: "Bambo a Tadala, Agothiwo ndi abale anu?"

Loweruka
Mphindi makumi anayi ndi zisanu! Pofika khadi lachitatu mwana sakundimva, ndiye ndasinthira ku Chingerezi mpaka kumapeto. Chichewa ndachiteteza m'Chingerezi chokhachokha. Wamvetsera mwaulemu ndithu. Pomaliza akufunsa: "Ndiye ifeyo bukulo tinabadi?" Funso limeneli ndilibe khadi lake.

Lamulungu
Foni ya ku Dedza yalowa bwinobwino. Mlongo wanga akuti: "Tadala mama, muli bwanji?" Mwana akundiyang'ana, kukamwa kuli yasa. Ndikumunong'oneza "ndili bwino, kaya inu azakhali", koma wanena kale "Hi" n'kundibwezera foni. Mlongo wanga akufunsa: "Achimwene, mwanayu mumamuphunzitsa chiyani kumeneko?"

Ndamuyankha kuti foni ikuduladula, sindikumva. Ndamva zonse.